Tsiku limene ana a fomu 3 anandithira choko m'mutu

Linali Lachitatu masana, nthawi ya makalabu, dzuwa likuswa mtengo, malata akuthetheka pamwamba, ana a kalabu ya histore mwina 30 ena pamadesiki ena pansi, ine nkulemba pabolodi mawu amodzi okha, MADEMO. Nkuwauza kuti tandiuzani, mukamva mawu amenewa chimayamba kubwera m'mutu mwanu ndi chani.

Matayala, sala. Miyala. Utsi wokhetsa misozi. Wina kumbuyo anakuwa kuti kusesa mashopu, kalasi yonse nkufa nako kuseka, ndiye wina nkuwonjezera kuti achimwene ake tsiku lina anabwera kunyumba atasenza belo ya shuga amayi awo nkungoti ikani kuchipinda osafunsa kuti yachokera kuti. Ine ndinaseka nawo, ndisakunamizeni. Ndipo sindikuwadzudzula anawa ayi, mu 2019 anali kupulayimale, zimene anaona ndi maso awo ndi zomwezo, misewu yakuda ndi phulusa la matayala, masitolo otseka, sukulu kuweruka msanga. Ena anamva kwa makolo za pa 20 July 2011 pamene anthu pafupifupi 20 anafa. Ndiye ukawauza kuti kuli zionetsero zina zimene munthu amapita atavala tayi, atanyamula buku, nkukhala phee pampando anthu akumutukwana, amakuyang'ana ngati ukuwasimbira nthano ya kalulu.

Ndinasankha kuwaphunzitsa za mzinda wa Nashville, ku Tennessee m'dziko la America, chaka cha 1960. Ambiri akafuna kukamba za tsankho la khungu ku America amathamangira kwa Rosa Parks ndi mabasi a ku Montgomery, nkhani yabwino ndithu, koma ine ndinkafuna nkhani ya ana asukulu, anthu osiyana pang'ono msinkhu ndi awa ndinali nawo m'kalasi. Komanso Nashville ndinali ndi nyambo yake. Ndinawafunsa kuti Kamuzu udokotala anaphunzira kuti, ena akuti ku Scotland, ena akuti ku Ghana, wina akuti ku Kasungu kkkk. Digiri yoyamba ya udokotala anaitenga ku Meharry Medical College mu 1937, sukulu ya anthu akuda, mumzinda womwewu wa Nashville. Ndiye kuti misewu imene tikambe leroyi Ngwazi inayendamo ili mnyamata, ndipo malamulo atsankho amenewa inawaona ndi maso ake. Apa ndiye makutu anaima.

Tsankho la kumeneko linali lochita kulembedwa, osati longomvekera m'mawu. Masukulu osiyana, zimbudzi zosiyana, mipope yomwera madzi yosiyana, zikwangwani zitakhomedwa kuti apa azungu apa akuda. Koma chimene chinkawawa kwambiri chinali cha m'masitolo akuluakulu am'tauni, monga Woolworth ndi Kress. Munthu wakuda ankaloledwa kulowa, kugula malaya, kugula makope, ndalama yake ankailandira ndi manja awiri. Koma m'sitolo momwemo munkakhala kauntala yaitali yodyerapo, mipando italiitali itandandalika, pamenepo ndiye ayi, wakuda sangakhale nkuitanitsa khofi. Ndalama yako ndi yoyera koma thako lako ndi lodetsa mpando, ndinawauza choncho ndipo atsikana anagwira pakamwa. Agogo anga aamuna anagwirako ntchito kumigodi ku Copperbelt nthawi ya atsamunda ndipo ankatiuza za mabutchala akumeneko, kuti munthu wakuda sankalowa pakhomo, ankaima pakawindo kam'mbali nkulandira nyama yokulungakulunga osaiona nkomwe, ukafika kunyumba ndiye upeze mafupa ndi mitsempha. Anthu a ku Lusaka anachita kunyanyala kugula m'mabutchalawo mu 1954, nthawi ya Harry Nkumbula. Ndiye nkhani ya kauntalayi siyachilendo kwenikweni kwa ife, tinangoiwala.

Tsono munthu amene ndinkafuna amudziwe ndi James Lawson. Ameneyu anali m'busa wa Methodist, anakana kupita kunkhondo ya ku Korea nkumangidwa mu 1951, atatuluka anapita ku India, ku Nagpur, kukagwira ntchito ya mishoni zaka zitatu, uko nkumaphunzira bwinobwino njira za Gandhi. Atabwerera anakumana ndi Martin Luther King mu 1957 ndipo King anamuuza kuti abwere kummwera msangamsanga chifukwa munthu wodziwa zimenezi analibe. Mu 1958 anafika ku Nashville nkuyamba sukulu ya zaubusa pa yunivesite ya Vanderbilt, ndipo madzulo a Lachiwiri ankasonkhanitsa ana a m'makoleji a anthu akuda m'chipinda chapansi pa tchalitchi cha Clark Memorial. Kunkabwera a ku Fisk, a ku Tennessee A&I, a ku Meharry komwe kuja, a ku American Baptist. M'gulumo munali Diane Nash, mtsikana wa ku Chicago amene poyamba ankakayika ngati zimenezi zingagwire ntchito, munali Bernard Lafayette, James Bevel, ndi kamnyamata ka kumudzi ku Alabama kotchedwa John Lewis, kamene kali kakang'ono kankasonkhanitsa nkhuku za kwawo nkumazilalikira. Za nkhukuzi ana anga anazikonda kuposa china chilichonse, mpaka lero wina akamalankhula kwambiri m'kalasi anzake amamuuza kuti kalalikire nkhuku.

Chimene Lawson ankachita m'chipindamo ndi chimene chinandikopa ine ngati mphunzitsi. Sankangolalikira kuti kondani adani anu ayi. Ankachititsa pulakatisi. Ankandandalika mipando ngati kauntala, ena nkukhala, ena nkukhala ngati azungu olusa aja, kuwatukwana mawu onyansa kwambiri amene akawamve kunjako, kuwakankha, kuwagwetsa pansi, kuwauzira utsi wa fodya kumaso. Ankawaphunzitsa kudzipinda kuti ateteze mutu ndi mimba, kuti mnzako akamamenyedwa ugone pamwamba pake kuti zibakera zigawikane, kuti womenyayo uzimuyang'ana m'maso. Miyezi ndi miyezi. Chakumapeto kwa 1959 anapita kukayesa mwakachetechete m'masitolo awiri, Harveys ndi Cain-Sloan, kukhala pakauntala, kukanizidwa, kufunsa mwaulemu kuti lamulo lake likuti bwanji, nkutuluka. Kukaona kaye bwalo mpira usanayambe.

Ali mkati mokonzekera choncho anzawo anayi a ku Greensboro, ku North Carolina, anawaphangira. Pa 1 February 1960 anyamata anayi a pa koleji ya A&T anakhala pakauntala ya Woolworth nkukana kuchoka, nkhani nkuwanda ngati moto wa m'tchire. A ku Nashville anati basi nthawi yakwana, pa 13 February, Loweruka kunja kuli chipale, ana 124 analowa m'tauni atavala ngati akupita kutchalitchi nkukakhala pamakauntala. John Lewis ndi anzake anadzalemba kapepala ka malamulo kogawira aliyense, ndipo ndinawalembera pabolodi m'Chichewa: usabwezere akakumenya kapena akakutukwana, usaseke mokweza, usachoke pampando mpaka mtsogoleri atakuuza, usatseke khomo kapena njira ya ogula, khala mowongoka nkhope kukauntala, khala waulemu nthawi zonse. Mtsikana wina anati sala, amenewa ndi malamulo a mayeso a MANEB. Sanalakwe kwenikweni.

Apa ndi pamene ndinadzimva ukatswiri nkupanga chinthu chopusa. Ndinati tiyeni tiyesere. Tinakoka madesiki atatu kukhala kauntala, ndinasankha ana asanu okhala, asanu ovutitsa, mtsikana mmodzi wogulitsa amene ntchito yake inali kungonena kuti pano sitigulitsa kwa anthu ngati inu. Mmalo mwa shuga ndi khofi zimene azungu aja ankathira anthu kumutu ndinawapatsa dasitala yodzaza fumbi la choko. Malire ndinaika amodzi okha, osamenya. Zotukwana sindinaziganizire nkomwe, m'mutu mwanga ndinkaona ngati azinena za khungu zimene kwa ife tonse akuda m'kalasimo sizikanaluma aliyense.

Mphindi yoyamba kunali kuseka kokhakokha. Yachiwiri ovutitsa aja anaona kuti zoti chokani anthu akuda inu sizikugwira, nkusintha giya okha. Ana amadziwana, amadziwa pamene pali chilonda. Anayamba za nsapato zong'ambika, za amene anabwezedwa chifukwa cha fizi, za amene amabwera kusukulu ndi chimanga chokazinga m'thumba. Panali mnyamata wina wamtali wofatsa, wa mpira, atakhala kumapeto, choko chili mbuu m'tsitsi, iye chete maso kubolodi, ine mumtima ndikuti eya, ameneyu ndiye John Lewis wanga. Ndiye mnzake anawerama nkumunong'oneza kukhutu, koma mokweza kuti onse amve, kuti amako aja amatcheza kachasu, dzulo ndinawaona akukangana ndi zidakwa. Sindinaone dzanja likunyamuka. Ndinangomva phaa, wonong'oneza uja ali pansi wagwira tsaya, desiki yagwa, atsikana akukuwa, a kalabu ya Chingerezi m'kalasi yoyandikana atuluka kudzaonerera. Zonse pamodzi sizinakwane mphindi zinayi.

A hedi anandiitanitsa ku ofesi tsiku lomwelo. Munthu wamkulu, wodekha, sanakweze mawu. Anangoti aphunzitsi, ndamva kuti mukuphunzitsa ana zamtendere, nanga mwana watupa tsayayu ndikawauze chani makolo ake. Ndinayesa kufotokoza za Nashville, anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti abusa anuwo ankatenga nthawi yaitali bwanji asanayambe kutukwanitsa anawo. Ndinati miyezi, bwana. Nanga inu? Ndinati mphindi 40. Sanawonjezere kanthu, anangotsegula kabuku kawo nkuyamba kulemba zina, ine nkudziwa kuti ndituluke.

Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Ndinkaganiza kuti ndinatenga chinthu cholemera nkuchisandutsa sewero la pa asembule. Lawson asanaike munthu pampando uja ankayamba wakhala naye masabata akukambirana kuti nchifukwa chani osabwezera, ankawerenga za Gandhi, za Thoreau, mlembi wa ku America amene analemba za kukana malamulo osalungama, za chiphunzitso cha paphiri, ankakangana, ena ankachoka osabweranso, ndipo amene ankaona kuti sangathe kudzigwira sankakakamizidwa kukhala pakauntala, ankapatsidwa ntchito zina monga kuyendetsa galimoto kapena kuima panja nkumaona zochitika kuti akanene kutchalitchi. Ana aja ankadziwa chimene akuvutikira. Wanga uja ndinamukhazika pampando kuti atukwanidwe amayi ake popanda chifukwa china chilichonse kupatula kusangalatsa sala wa histore. Bwanji asamenye.

Mawa lake ndinamupeza yekha kuseri kwa kalasi. Anayamba ndi iye, pepani sala, ndinaononga sewero lanu. Ndinamuuza kuti wolakwa ndine, ndipo ndinamusimbira nkhani imene Lawson mwini wake ankaikamba kawirikawiri, kuti ali mwana ku Massillon ku Ohio amayi ake anamutuma, panjira kamwana kachizungu kali m'galimoto kanamutukwana ndi mawu onyoza anthu akuda aja, iye nkupita nkukaomba mbama. Atafika kunyumba nkuwauza amayi ake, iwo osatembenuka nkomwe pa zimene ankachita kukhitchini anangomufunsa kuti nanga zimenezo zathandiza chani, payenera kukhala njira ina yabwino. Mnyamata wanga anamvetsera, nkufunsa kuti ndiye abusawo anamenyaponso munthu? Ndinati eya, anayamba ndi mbama ngati iwe. Anaseka pang'ono koyamba.

Lachitatu lotsatira sitinasewere. Ndinangowasimbira zimene zinachitika pa 27 February, tsiku limene pulakatisi ija inayesedwa zenizeni. Apolisi anachoka m'masitolo dala, anyamata achizungu nkulowa, kukoka ana pamipando, kuwamenya, kuwazimitsira ndudu zoyaka pamsana ndi m'tsitsi. Paul LaPrad, mzungu wa pa Fisk amene anakhala limodzi ndi anzake akuda, anagwetsedwa pansi nkumenyedwa, atamusiya anadzuka nkukhalanso pampando pomwepo. Palibe ndi mmodzi yemwe anabwezera. Apolisi atabwera anamanga omenyedwawo, ana 81, omenya aja osakhudzidwa. Koma apa mpamene pulani inaonekera, chifukwa akangonyamula gulu limodzi kupita nalo kuvani, gulu lina limene linkadikira linkalowa nkudzaza mipando yomweyo, akanyamula ilo linanso lalowa, mpaka apolisi kusowa chochita. Kukhoti anawagamula chindapusa cha madola 50 aliyense, Diane Nash anaimirira nkunena kuti salipira chifukwa kulipira ndi kuvomereza chisalungamo chimene chawamangitsa, ambiri nkusankha kukagwira ukaidi pafupifupi mwezi, ngakhale meya anawatulutsa masikuwo asanathe. Ana a madokotala, a aphunzitsi, a abusa, akukolopa m'ndende mwakufuna kwawo, makolo amene poyamba ankati mwapita kusukulu kapena kukachita zandale anayamba kutembenuka mtima.

Vanderbilt inamuchotsa sukulu Lawson pa 3 March 1960. Ndinaima pamenepo nkuwafunsa kuti 3 March ikukukumbutsani chani, onse pamodzi akuti tsiku la anthu ofera dziko. Chaka chimodzi ndendende m'mbuyo mwake, pa 3 March 1959, kuno atsamunda analengeza lamulo la chisokonezo, anthu nkuomberedwa ku Nkhata Bay, Kamuzu nkutengedwa kupita kundende ya Gwelo. Ndiye nthawi imene ana a ku Meharry ankakhala pamakauntala, wophunzira wakale wa pa Meharry pomwepo anali m'ndende ku Southern Rhodesia, anatuluka pa 1 April 1960. Zinthu izi timaziphunzitsa m'mabuku osiyana ngati zinachitika m'maiko a kumwezi, chonsecho ndi miyezi yomweyomweyo.

Chimene chinathyola msana eni masitolo sichinali chisoni ayi, tisanamizane. Anthu akuda a mu Nashville ananyanyala kugula m'tauni, ndipo inali nyengo ya Pasaka imene aliyense amagula zovala zatsopano zopita nazo kutchalitchi. Amayi anavala madiresi akale chaka chimenecho. Azungu enanso anasiya kupita m'tauni poopa chipwirikiti, masitolo nkukhala pululu. Ndinawauza ana kuti taganizani msika wa pa boma sabata ya Khisimisi popanda wogula, mwini shopu amene watenga katundu pangongole agona bwanji.

Kenako pa 19 April m'mbandakucha anthu anaponya bomba kunyumba ya Z. Alexander Looby, loya wakuda amene ankaimira anawo kukhoti. Iye ndi mkazi wake anapulumuka chifukwa ankagona kuchipinda chakumbuyo, koma kuphulikako kunaswa mawindo oposa 140 pa Meharry tsidya la msewu. Apa ndinawafunsa kuti kukanakhala kuno chikanachitika nchani. Sanachedwe kuyankha, tauni ikanapsa sala. Ku Nashville tsiku lomwelo masana anthu oposa 3,000 anayenda ulendo wopita ku ofesi ya meya ali chete, osaimba, osakuwa, kumangomveka nsapato zokha pamsewu. Ine chimenechi chimandichititsa nthumanzi kuposa miyala, chikhamu cha anthu okwiya chimene sichikutulutsa mawu. Pamasitepe meya Ben West anayamba kukangana ndi m'busa C. T. Vivian, kenako Diane Nash, wa zaka 21, anamufunsa pamaso pa onse ngati iye payekha akuona kuti nkoyenera kusala munthu chifukwa cha khungu lake. Meya anavomera kuti nkulakwa. Anamufunsanso ngati ndiye kuti makauntala atsegulidwe kwa onse, meya anati inde. Pa 10 May masitolo 6 anayamba kugulitsa chakudya kwa anthu akuda pakauntala. Kuchokera pa 13 February, miyezi itatu yosakwana.

Ndinkaona ngati ndamaliza bwino, ndiye mtsikana wina amene amakhala kutsogolo, wamafunso ovuta nthawi zonse, anakweza dzanja. Sala, ndiye kuti Chilembwe analakwa? Mmene mukuyamikira osabwezerawa, iye uja anatenga mikondo, ndipo nkhope yake ili pandalama.

Ndinameza malovu. Chilembwe nayenso anaphunzira ku America komweko, ku Lynchburg ku Virginia, anapita ndi Joseph Booth mu 1897, tsankho limeneli analiona lili pachimake. Ndipo sanayambe ndi mikondo, anayamba ndi sukulu, tchalitchi ku Mbombwe, kenako kalata imene analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times chakumapeto kwa 1914 yodandaula kuti anthu akuda akutengedwa kukafera nkhondo yosawakhudza, kalata imene boma linaitsekereza. Pofika pa 23 January 1915 anali ataona kuti palibe akumumva. Ndinamuuza mtsikanayo kuti njira ya ku Nashville imafuna zinthu zina kuti igwire, imafuna makamera ndi atolankhani oti dziko lione amene akumenya ndi amene akumenyedwa, imafuna mwini sitolo amene thumba lake likubooka, imafuna meya amene akufunabe mavoti ndipo ali ndi kamanyazi kotsala. Pa esiteti ya ku Magomero mu 1915 kamera ikanachokera kuti. Ndipo ngakhale mu 1960 momwemo, pa 21 March, pakati penipeni pa nkhani ya Nashville, apolisi a ku South Africa anaombera anthu opanda zida ku Sharpeville amene ankakana mapasi, 69 nkufa. Amenewo sanaponye bomba, anangosonkhana papolisi. Ndiye sindingaime pamaso pa ana nkunena kuti ukangokhala phee chilungamo chimabwera chokha, limenelo ndi bodza, ndipo ana amanunkhiza bodza msanga kuposa akuluakulu.

Sanakhutire, ndinaona pankhope. Inenso yankho langa silinandikhutitse. Ndinangowonjezera kachinthu kamene ndimakakonda, kuti 15 January imene timapuma pokumbukira Chilembwe ndi tsikunso limene Martin Luther King anabadwa mu 1929, komanso kuti lamulo lothetsa tsankho m'malo odyera ndi ogona ku America konse linasainidwa pa 2 July 1964, ife nkulandira ufulu pa 6 July, kusiyana masiku anayi okha. Iye anati zimenezo ndi madeti chabe sala, simunayankhe. Zoona, sindinayankhe.

Chimene ine ndatsimikiza, pambuyo pa mbama ija, nchakuti mawu oti zionetsero zamtendere timawatchula mopepuka kwambiri, ngati mtendere ndi chinthu chimene chimangochitika anthu akakhala aulemu. Okonza mademo amalengeza pawailesi kuti tiyenda mwamtendere, nkuitana anthu masauzande amene sanakumanepo, opanda anawaphunzitsa kuti wapolisi akakukankha manja ako uwaike pati, opanda amene akudziwa kuti mtsogoleri wa kagulu kake ndani, kenako madzulo nkumadabwa kuti zalowa chisawawa. Thupi la munthu likamenyedwa limabwezera lokha mutu usanaganize, ndinaziona ndi maso mphindi zinayi zisanathe pa mwana wofatsitsa m'kalasi langa. Kuti dzanja likhale pansi pamafunika kuliphunzitsa ngati mmene timaphunzitsira mwendo wamanzere kumenya mpira. Pali nkhani ina imene imakambidwa ya Lawson, kuti mnyamata wachizungu wovala jekete la achinjinga chamoto anamulavulira kumaso, iye nkumupempha kampango koti apukutire, mnyamatayo modzidzimuka nkupereka, Lawson akupukuta nkuyamba kumufunsa za njinga yake, mpaka awiriwo kumakambirana za injini. Munthu sabadwa choncho. Ameneyu ndi yemwe uja anaomba kamwana mbama ku Ohio, pakati pakepo pali zaka za pulakatisi. Anamwalira mu 2024 ali ndi zaka 95, ndipo Vanderbilt yomwe inamuthamangitsa ija inadzamuitana mu 2006 kuti akaphunzitse.

Tinatha masabata asanu tikungokambirana, opanda sewero. Tinakangana za kusiyana kwa mantha ndi kudzigwira, anyamata ambiri ankati osabwezera ndi ufiti kapena uchitsiru, mwamuna sangaime chilili akutukwanidwa, atsikana ena nkuwayankha kuti ife timatukwanidwa tsiku lililonse pa depoti ndipo sitimenya munthu, mukufuna mutiuze kuti ndife opusa? Pamenepo ine ndinangokhala pansi nkuwasiya. Tinagwirizana malamulo athuathu, za makolo ayi, za matenda ayi, za mtundu wa munthu ayi, wokhala pampando ali ndi ufulu wokweza dzanja sewero nkuima pomwepo, ndipo pomaliza wovutitsa ndi wovutitsidwa azigwirana chanza. A hedi ndinawadziwitsa, anati ndidzabwera ndidzaonerere ndekha, ndipo anabweradi nkukhala pampando kumbuyo manja atapinda.

Mnyamata wamtali uja anapempha yekha kuti akhalenso. Amene anaombedwa mbama uja anapemphanso kuti akhale wovutitsa, ine ndinkafuna kukana koma onse awiri anati zilibe kanthu sala, tinakambirana. Anakhala mphindi zisanu ndi ziwiri. Ndinali pambali ndikuona manja ake pansi pa desiki, atagwira mwendo wa desikiyo zolimba mpaka mitsempha kutuluka, thukuta likutsetsereka m'choko kumaso kukhala ngati mizere ya phala, koma nkhope ili kutsogolo. Nthawi itakwana anaimirira, kugwirana chanza ndi mnzake uja, nkutuluka panja osalankhula, anakazungulira bwalo la mpira kamodzi nkubwerera.

Ndiye mtsikana wamafunso uja anati sala, inuyo simunakhalepo. Kalasi yonse inaombera m'manja, ndinayang'ana kwa a hedi kuti mwina andipulumutsa, iwo anangoti khalani aphunzitsi, si inu mwabweretsa. Ndinakhala. Ana amene ndimawapatsa chibalo chotchetcha akachedwa anapatsidwa dasitala ndi chilolezo. Anayamba mwamanyazi, kenako anazolowera, za njinga yanga yolira ngati chigayo, za malaya anga abuluu amene ndimavala Lolemba ndi Lachinayi ndipo eti amadziwa kuti ndi amodzi omwewo, za ngongole yanga ya mandasi kwa amayi ogulitsa pageti imene ndinkayesa kuti ndi chinsinsi. Ndinkadziwa kuti ndi sewero, ndinalikonza ndine, malamulo ndinalemba ndine, komabe wina atandimenyetsa dasitala pamwamba pa mutu fumbi nkundilowa m'maso ndinamva kutentha kukukwera kuchokera m'mimba, mawu akuti iwe ukudziwa ukuyankhula ndi ndani anafika pammero penipeni. Nditayang'ana pansi ndinapeza chibakera changa chakumanja chafumbatika chokha, sindikudziwa kuti chinafumbatika nthawi yanji. Ndinakweza dzanja pa mphindi zisanu. Mnyamata uja anandiposa ndi ziwiri ndipo sanalole kuti ndiiwale mpaka teremu kutha.

Madzi pasukulu panalibe tsiku limenelo, mjigo unali utaonongeka, ndiye ndinangodzikuntha ndi manja nkukwera njinga choncho. Ndikulowa pakhomo mayi akunyumba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, tsitsi mbuu, nsidze mbuu, malaya abuluu aja atasanduka otuwa, nkufunsa kuti bambo, mwachokera kuchigayo, nanga ufawo uli kuti?